Mafuta a m'njere za paini: katoledwe, kayezedwe ndi kasungidwe kake

Kuno ku Mulanje mtengo wa paini timaudziwira matabwa. Tikauona ku Likhubula kapena m'mphepete mwa minda ya tiyi, maganizo amathamangira ku zitseko, mipando ndi mitanda ya denga. Ndi ochepa amene anatolapo chipatso chake n'kuchigogoda pa mwala kuti aone chimene chigwemo. Mumagwa tinjere takuda ta phiko limodzi, ndipo m'tinjeremo muli mafuta amene anadabwitsa akatswiri. Muli mtundu wina wa asidi wa mafuta, wokhala ndi nthambi, umene malo ake enieni ndi mu mkaka wa ng'ombe, m'mafuta a nkhosa ndi m'mabakiteriya, osati m'zomera.

Ndikulembera inu a m'makalabu a nazale, aphunzitsi a sayansi a ku sekondale, ndi ophunzira amene mukusakasaka mutu wa kafukufuku. Ndineneretu kuti pano palibe bizinesi ya mafuta ophikira. Kilogalamu imodzi ya njere za paini wotchedwa Pinus patula imakhala ndi njere pafupifupi 100,000 kapena kuposa. Ngakhale titati gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake ndi mafuta, mungaphe mbande zikwizikwi kuti mudzaze kapu imodzi ndi pang'ono. Mafutawa ndi chakudya cha kambewu kamene kali m'kati, ndipo akawonongeka njere simeranso. Ndiye kaya mukufuna kuwayeza, kaya kufesa, kagwiridwe ka njere n'kamodzi.

Nthambi ikunenedwayi ili pati

Mafuta aliwonse, a mtedza, a mpendadzuwa, ngakhale batala, amapangidwa ndi mizere ya maatomu a kaboni olumikizana. Mzere uliwonse ndiwo asidi wa mafuta. M'zomera zambiri mizereyi ilibe nthambi, ndipo kawirikawiri imakhala ndi maatomu 16 kapena 18. Palmitic acid wa m'mafuta a kanjedza ali ndi 16, pamene oleic ndi linoleic, amene adzaza m'mtedza ndi mpendadzuwa, ali ndi 18.

Wa m'njere za paini dzina lake ndi 14-methylhexadecanoic acid, ndipo pa mapepala a labotale amalembedwa kuti anteiso-17:0. Mzere wake uli ndi maatomu 16, koma pa atomu ya nambala 14, chakumapeto, pamera atomu ina yotulukira pambali. Onse pamodzi akwana 17. Kanthambi kameneka n'kochepa koma kamasintha khalidwe la mafuta. Amene anamangapo mtolo wa nkhuni akudziwa: zowongoka zimapanikizana mtolo n'kulimba, koma mukaikamo zamphanda zimasiya mipata, mtolo umakhala wogwedera. Momwemonso mafuta a nthambi sapanikizana bwino, choncho amasungunuka msanga kuposa owongoka a utali womwewo. Mabakiteriya ngati Bacillus ndi Listeria amadalira mafuta oterewa kuti khungu lawo lisaume kukazizira. Ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa zimawatenga kwa mabakiteriya a m'chifu mwawo, n'chifukwa chake amapezeka mu mkaka ndi nyama. Alimonso m'mafuta oyera aja amene mwana amabadwa nawo pakhungu.

M'chaka cha 1997, Robert Wolff wa ku Bordeaux m'dziko la France, pamodzi ndi William Christie wa ku Scotland ndi mnzawo wina, anafalitsa zimene anapeza m'magazini ya Lipids. Anayamba ndi mafuta a Pinus contorta, kenako anamupeza asidiyu m'mitundu 72 ya mitengo ya banja la paini, lotchedwa Pinaceae, monga Pinus, Abies, Cedrus, Larix ndi Picea. Kuchuluka kwake kunali pakati pa 0.02 ndi 1.15 peresenti. Tiziwerenge motere: mu lita imodzi ya mafuta, pochuluka kwambiri ndi masupuni aang'ono awiri, pochepa ndi madontho owerengeka. Atayeza Juniperus communis ndi Taxus baccata, mitengo ya mabanja ena, sanamupeze ngakhale anayesetsa kumukundika. Mtengo wina umene uli naye ndi Ginkgo biloba wa ku China.

Pali chachilendo chinanso chimene anthu amachisokoneza ndi nthambi. Njere za mitengoyi zili ndi ma asidi ngati pinolenic, taxoleic, sciadonic ndi juniperonic. Awa alibe nthambi ayi. Chodabwitsa chawo n'chakuti pa atomu ya nambala 5 maatomu awiri amagwirana kawiri, malo amene mafuta a zomera zambiri sachita zotero. Ndi ochuluka kuposa wa nthambi uja: m'njere za Pinus koraiensis ndi Pinus sibirica, pinolenic yekha amaposa 10 peresenti. Ndipo mafuta ogwirana kawiri m'malo ambiri ndi amene amawonongeka msanga ndi mpweya, kuwala ndi kutentha. Zambiri zimene ndinene pa kaumitsidwe ndi kasungidwe zikuchokera pamenepa.

Yambani ndi kudziwa mtengo wanu

Njere zopanda dzina la mtengo n'zopanda ntchito ku labotale, ndipo ku nazale n'zotayitsa nthawi. Thyolani kanthambi muyang'ane masamba. Paini ali ndi masamba aatali, oonda, omangika m'timagulu. Pinus patula, wochokera ku Mexico, masamba ake amakhala atatuatatu, nthawi zina anayi, ofewa ndi olendewera pansi. Khungwa lake chakumtunda kwa thunthu ndi lofiirira ndipo limakanganuka. Zipatso zake ndi zazitali, zopindika pang'ono, zomera m'magulu ndipo zimamatirira ku nthambi. Pinus kesiya, wochokera ku Asia, nayenso masamba ake ndi atatuatatu koma salendewera chotero, khungwa ndi lochindikala long'ambikang'ambika, zipatso n'zofupikirapo.

Saipuresi amene timatchingira mipanda, Cupressus lusitanica, ndi wa banja lina, la Cupressaceae. Masamba ake ndi timamba tomatirira ku nthambi, zipatso n'zozungulira zazing'ono. Mkungudza wathu wa m'phiri, Widdringtonia whytei, uli m'banja limeneli la saipuresi, limodzi ndi Juniperus uja amene anamuyeza osapezamo kanthu. Chipatso chake chimatseguka mbali zinayi.

Pa mkungudza ndiime pang'ono. Mtengowu unatchulidwa dzina la Alexander Whyte amene anatola zomera m'phirili kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, ndipo m'chaka cha 1984 unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko. Macheka, moto wa m'tchire ndi nsabwe za saipuresi zimene zinafika m'dziko muno cha m'ma 1986 zaumaliza. Kalembera wa m'chaka cha 2017 anapeza mitengo yokhwima 7 yokha m'phiri lonse. A Mulanje Mountain Conservation Trust, a nthambi ya zankhalango ndi a Forestry Research Institute of Malawi a ku Zomba, mothandizana ndi a Botanic Gardens Conservation International, akhala akubzalanso kudzera m'manazale a m'midzi yozungulira phiri. Njere ya mkungudza malo ake ndi m'chubu cha dothi, osati mu mtondo. Ngati mukufuna kufanizira mafuta a paini ndi a banja la mkungudza, tengani njere za saipuresi wa pa mpanda. Ali ponseponse ndipo palibe angakufunseni.

Kutola

Phiri la Mulanje ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, ndiye musanatole kanthu m'katimo pitani ku ofesi ya zankhalango mukapemphe chilolezo. Mitengo ya m'maesiteti a tiyi ili ndi eni ake, kapempheni kwa akuluakulu a pamalopo. Munthu wonyamula thumba m'nkhalango alonda samuona ngati wasayansi.

Sankhani zipatso zimene zasiya kubiriwira, zafiirira, koma zikadali zotseka. Zotuwa zoyasama zimene zili pansi zinataya kale njere, ndipo zotsalamo zadyedwa ndi tizilombo kapena zachita nkhungu. Zobiriwira zili ndi njere zamadzi zimene mafuta ake sanakhwime. Musanadzaze thumba, dulani chipatso chimodzi m'litali ndi mpeni wakuthwa. Pansi pa mamba aliwonse pamagona njere ziwiri. Ngati zimene mpeni wadula zikuoneka zoyera ndi zodzaza m'kati, tolani. Ngati zambiri n'zamphako, pitani pa mtengo wina.

Zipatso za patula sizigwa ndi ngowe, zimakanirira. Njira yosavuta ndi kugwirizana ndi ocheka matabwa amene ali ndi chilolezo, kuti tsiku logwetsa mitengo mukhalepo n'kudula zipatso pa nthambi zili pansi. Mukawafikira mwaulemu, kuti achimwene, tingatoleko zipatsozi musanaotche nthambi, savuta, chifukwa kwa iwo ndi zinyalala. Kukwera paini popanda zingwe ayi, nthambi zake zimathyoka mosachenjeza, ndipo ana asatumidwe ntchito imeneyi.

Ngati njerezo n'zofesa, musatole pa mtengo umodzi. Tolani pa mitengo 25 kapena 30 yowongoka ndi yathanzi, yotalikirana mamita 50 mpaka 100, kuti mbande zisakhale za mayi mmodzi. Ngati n'zoyeza, zipatso za mtengo uliwonse zikhale m'thumba lakelake. Thumba likhale chiguduli kapena la nsalu. M'jumbo zipatso zimachita thukuta, ndipo pofika mawa nkhungu yayamba. Lembani pomwepo ndi pensulo dzina la mtengo, malo ndi tsiku, pepala limodzi m'kati lina kunja. Inki imafufutika ndi chinyezi.

Utomoni ukamata m'manja, sopo yekha sauchotsa. Pakani kaye mafuta ophikira, tikitani, kenako sambani ndi sopo.

Kuumitsa, makamaka ngati chiperoni chabwera

Apa ndi pamene ambiri amawononga ntchito yonse chifukwa cha changu. Zipatso zongothyoledwa kumene musaziike pa dzuwa lamphamvu tsiku lomwelo. Kunja kumauma n'kulimba m'kati mukadali madzi, ndipo chipatso chimakana kutseguka. Ziyaleni pa mphasa pakhonde, pamthunzi podutsa mphepo, kwa sabata imodzi kapena ziwiri, mukuzitembenuza. Kenako muzitulutse padzuwa.

Padzuwapo yalani lona kapena chiguduli, zipatso zisasanjikizane. Masana mudzamva zikulira, the, the, mamba akutseguka. Madzulo zilowetseni, chifukwa mame akagwa mamba amatsekanso. Zikayamba kutseguka phimbani ndi nsalu yopyapyala, apo ayi mphepo idzakufeserani njere pabwalo la aneba, ndipo zotsala nkhuku zidzatola. Neti ya udzudzu isagwire ntchito imeneyi: ili ndi mankhwala, komanso ikufunika kuchipinda.

Mu Juni ndi Julayi chiperoni chimatha kukhala masiku angapo osaona dzuwa, kuno ndi ku Thyolo komwe. Mtima umafuna kuika zipatso pafupi ndi moto kapena pa nsanja ya m'khitchini. Zoona zimatseguka, patula amatseguka bwino ndi kutentha, koma malire ake ndi ochepa. Kutentha kukapitirira madigiri 45 mpaka 50, makamaka njere zikadali ndi chinyezi, kambewu kamafa ndipo mafuta amayamba kusintha. Utsi nawo umalowa. Ndi bwino kudikira. Ziyaleni m'nyumba pouma, muzizitembenuza tsiku lililonse, dzuwa lidzabwera. Mu Okutobala vuto limakhala lina: malata kapena simenti ya masana imatentha mopitirira malire aja. Ikani dzanja pamene mwayalapo. Ngati simungalisiyepo, njerenso sizingapirire.

Zikatseguka, ikani m'thumba n'kuligwedeza mwamphamvu kapena kulimenya pang'ono ndi kamtengo. Zimene zakanirira ziviikeni m'madzi kanthawi kochepa, muziumitsenso, zambiri zimatseguka ulendo wachiwiri.

Kuchotsa mapiko ndi kupeta

Ikani njere m'kathumba ka nsalu, tikitani mofatsa ndi manja, mapiko athothoke. Petani m'lichero monga mupetera mawere, pamalo opanda mphepo yambiri. Musasinje ndipo musapondeponde. Chikhokho cha njere chikang'ambika mpweya umafika pa mafuta, ndipo njere imeneyo siikhalitsa.

Tengani njere 20 mosasankha, mudule iliyonse pakati ndi lezala. Yabwino m'kati ndi yoyera, yolimba, yodzaza, ndipo mukayang'anitsitsa pakati pake pagona kambewu kakatali. Yamphako, yofota kapena yachikasu chodera ndi yakufa. Mukapeza zabwino 15 mwa 20, mwatola bwino. Ena amathira njere m'madzi n'kutaya zoyandama. Zimathandiza, koma dulani zingapo mwa zoyandamazo musanataye, popeza njere youma kwambiri imatha kuyandama ili yamoyo. Zomira ziumitseni msanga.

Kuona mafuta ndi maso

Izi mungachite m'kalasi kapena pakhonde. Tengani envulopu ya khaki, muing'ambe muiyale. Pa ngodya ina phwanyani njere za paini khumi ndi kumbuyo kwa supuni. Pa ngodya ina kachidutswa ka mtedza ka kukula komweko, pena ka makademiya, amene ku Thyolo savuta kupeza, pena njere za saipuresi, ndipo pakati dontho la madzi. Lembani dzina pambali pa chilichonse. Chotsani zinyenyeswazo, dikirani ola limodzi, kwezani pepala kuloza kuwala. Pamene panali madzi pauma, sipakuonekanso. Pamene panali mafuta patsala banga lowala loonekera, ndipo likhalapo mpaka mawa. Banga la makademiya limakula kuposa onse. La paini limaoneka bwino ndithu poyerekeza ndi kuchepa kwa njerezo.

Samalani kuti musasokoneze mafuta ndi utomoni. Utomoni umanunkhira paini, umamata, ndipo ukauma umalimba. Mafuta a m'njere amaterera ndipo fungo lawo ndi lochepa. Njere zikakhala ndi utomoni kunja, zipukuteni kaye.

Mukafuna madontho enieni, sinjani njere zodzaza dzanja m'kamtondo koyera, kulungani m'nsalu yoyera yolimba, n'kufinya pakati pa timatabwa tiwiri ndi vaisi ya kalipentala. Mutuluka madontho owerengeka achikasu. Aikeni m'kabotolo kakang'ono m'firiji usiku wonse, pambali pa kabotolo ka batala wosungunula ndi ka mafuta a mpendadzuwa. M'mawa batala wagwirana, a paini ndi a mpendadzuwa akadali amadzi. Izi zikuonetsa kuti m'mafuta a paini ma asidi ogwirana kawiri ndi ochuluka. Sizikuonetsa nthambi ija. Palibe njira ya pakhomo imene ingaonetse chinthu chosakwana 2 peresenti, ndipo wophunzira asalembe mu lipoti kuti waipeza chifukwa cha banga la pa pepala.

Chinanso choyenera kuonetsa a m'kalabu ya nazale ndi ichi. Gawani njere zosinja pawiri. Zina zisiyeni pa mbale pazenera pofika dzuwa, zina m'kabotolo kotseka m'kabati. Pakatha masabata awiri nunkhizani. Za pazenera zimakhala ndi fungo lowawa lokanda kukhosi. Amene wamva fungo limeneli sadzasiyanso njere zofesa pa tebulo m'pepala lotsegula.

Petulo, parafini kapena sipiriti musayese kuchotsera mafuta. Zimagwira moto, mpweya wake ndi woipa, ndipo zimabweretsa zinyalala zimene zimasokoneza zotsatira.

Nanga kudya? Njere za paini zodyedwa zimachokera ku mitundu ya njere zikuluzikulu, monga Pinus pinea wa ku mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean ndi Pinus koraiensis wa ku Korea ndi China. Athu kuno si amenewo, ndipo njere zogula zofesa nthawi zina zimakhala zothira mankhwala. Ngakhale kumene amadyako zinawavutapo. Anthu ena ku Ulaya ndi ku America ankati akadya njere za m'sitolo, patapita tsiku limodzi kapena awiri chakudya chilichonse chinkawawa m'kamwa, mpaka sabata imodzi kapena ziwiri. Ofufuza atayeza ma asidi a mafuta a m'njerezo anapeza kuti munasakanizidwa za Pinus armandii. Apa ndi pamene ndimaona phindu lenileni la nkhaniyi: mtundu uliwonse wa mtengo uli ndi kasakanizidwe kake ka ma asidi, ndipo mafuta amaulula mtengo umene njere inachokera ngakhale wogulitsa atanama.

Kupita nazo ku labotale

Makina amene amalekanitsa ma asidi a mafuta amatchedwa gas chromatograph. Musananyamuke, imbani kaye kapena lembani kalata. Mungafunse ku nthambi za kemisitiri za Malawi University of Science and Technology ku Ndata m'boma la Thyolo, University of Malawi ku Zomba, kapena ku Malawi Bureau of Standards ku Blantyre. Funso lisakhale lakuti mumayeza mafuta kodi, chifukwa kuyeza mafuta kuli mitundu yambiri. Funsani ngati amayeza ma asidi a mafuta mmodzimmodzi, ngati makinawo akugwira ntchito panopa, ndiponso ngati ali ndi mankhwala ofanizira okhala ndi anteiso-17:0. Ophunzira mudutse kwa aphunzitsi anu, kalata ya sukulu imatsegula zitseko zimene nkhope yanu yokha singatsegule.

Tumizani njere zathunthu, osati mafuta ofinya nokha. Magalamu ochepa akwana. Zikhale zouma, zoyera, m'kabotolo kagalasi kotseka, ndi pepala la dzina la mtengo, malo, tsiku lotola ndi mmene munaumitsira. Onjezerani kanthambi kouma ka masamba ndi chipatso chimodzi, kuti wina athe kutsimikiza mtundu wa mtengo.

Apa ukhondo si nkhani ya ulemu chabe. Kumbukirani kumene asidi wa nthambi amachuluka: batala, mkaka, mafuta a nyama, mafuta odzola ena okhala ndi lanolin wa ubweya wa nkhosa, ndi mabakiteriya. Mukagwira njere mutangodya buledi wa batala kapena mutadzola, kapena mukatumiza njere zimene zinayamba kuwola, makina adzapeza nthambi ndithu, koma siidzakhala ya mtengo. Gwirani ndi supuni yoyera kapena magolovesi atsopano. Botolo likhale losasungirapo chakudya.

Pemphani kuti ayeze zinthu zinayi tsiku limodzi: njere za paini, njere za saipuresi, batala pang'ono ndi mafuta a mpendadzuwa. Batala ndiye mboni yakuti makina akutha kuona asidiyu, popeza mmenemo alimo ndithu. Mpendadzuwa ndi mboni yakuti sakungomuona paliponse. Popanda mboni ziwirizi, zotsatira za paini ndi saipuresi n'zovuta kuzikhulupirira.

Ku labotaleko amasinja njere, n'kusungunula mafuta ndi mankhwala otchedwa hexane, kapena ndi chloroform wosakaniza ndi methanol magawo awiri kwa limodzi, njira ya Folch ya m'chaka cha 1957. Kenako amasandutsa ma asidi kukhala methyl esters kuti athe kuuluka ngati mpweya, n'kuwalowetsa m'kapaipi kakatali koonda kwambiri m'kati mwa makina. Asidi aliyense amatuluka pa nthawi yake, ndipo kompyuta imajambula nsonga. Pa chithunzi cha paini nsonga zazitali zidzakhala za linoleic ndi oleic, ndi pinolenic pafupi nazo. Imene mukufuna ndi kansonga kakang'ono pakati pa palmitic ndi stearic (asidi wowongoka wa maatomu 18), kotuluka patsogolo pang'ono pa asidi wowongoka wa maatomu 17. Dera limeneli ndi lothinana, pali ma asidi ena a maatomu 16 ndi 17 amene amatuluka moyandikana, ndiye nthawi yotulukira payokha si umboni wokwanira. Wolff ndi anzake anatsimikiza ndi makina ena otchedwa mass spectrometer, atasandutsa asidiyo kukhala picolinyl ester, imene imasweka m'njira yoonetsa atomu imene nthambi yamerapo. Ngati labotale yanu ilibe zimenezi, lembani mu lipoti kuti nsongayo ikugwirizana ndi anteiso-17:0, ndipo mulekere pomwepo.

Kusunga zotsala ndi kufesa

Njere za paini zimakonda kuuma. Chinyezi chikatsika pansi pa 10 peresenti, ndipo zikakhala pozizira, zimasungika zaka. Njira ya mchere m'botolo imene timayezera chimanga siikwana apa, chifukwa imangokuuzani kuti mwatsika pa 15 peresenti. Ndiye mukatha kupeta ziyaleni masiku ena angapo pamthunzi nyengo youma, mpaka njere izithyoka mukaidula osati kunyenyeka. Thirani m'botolo lagalasi la chivindikiro cholimba, lidzaze kuti mpweya utsale wochepa. Timapaketi ta silica gel timene timabwera m'mabokosi a nsapato ndi mankhwala tiumitseni bwino, muikemo timodzi kapena tiwiri. Botolo likhale mu mdima. Firiji ya madigiri 4 kapena 5 ndiyo yabwino, ndipo magetsi akazima botolo lotseka bwino silivutika. Mukalitulutsa musatsegule nthawi yomweyo. Lisiyeni lifunde kaye, apo ayi chinyezi cha mpweya chidzagwera pa njere zozizira. Ngati mulibe firiji, pansi m'chipinda chozizira, kutali ndi khitchini ndi makoswe, ndipo mufese chaka chomwecho.

Musanadzaze machubu mazana, yesani kameredwe. Werengani njere 100, fesani pa mchenga wa kumtsinje wosefa m'beseni loboola pansi, phimbani ndi mchenga wochepa, thirirani mosamala, ikani pamthunzi. Muziwerenga zomera sabata iliyonse mpaka masabata anayi. Zikamera 70, mukudziwa kuti pa machubu 700 mufunika njere 1,000. Zikamera zosakwana 30, fukulani zosamerazo mudule: zamphako zikuloza ku mtengo umene munatola, zodera ndi zonunkha zikuloza ku kaumitsidwe kapena kasungidwe.

Mbande za patula musabzale m'malire a nkhalango ya phiri kapena m'mbali mwa njira zokwerera. Mtengowu unabzalidwa ku Chambe, m'phirimo, ngati munda wa matabwa, koma njere zake za mapiko zinauluka, unafalikira m'udzu ndi m'malo a mkungudza, mpaka panafunika ntchito yaikulu youzula ndi kuudula. Bzalani kumunsi, m'minda ya mitengo ya pamudzi ndi ya pasukulu, motalikirana mamita awiri ndi theka kapena atatu, mvula ikakhazikika mu Disembala kapena Januwale.